Chainsaw yodulira nkhuni zootha ku Bembeke: mugule yotani, muyambire pati?

Funso: Ndimakhala ku Bembeke. Kuseri kwa nyumba ndili ndi bulugamu wodzala ndekha, wina wonenepa masentimita 30, ndi paini wowerengeka. Nyumba ili ndi chumuni, ndipo mu Juni ndi Julaye moto suzima. Nkhwangwa ndi sowo yamanja zandikwana, ndikufuna chainsaw. Anzanga ocheka matabwa akuti ndigule yaikulu ngati yawo. Ndigule yotani, ndipo ndikafika nayo pakhomo ndiyambire pati?

Yankho: Bambo, anzanuwo sakukunamizani, kungoti akukuuzani zoyenera ntchito yawo. Iwo amang'amba chipika m'litali kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo ntchito imeneyo imafunadi makina a 70cc (cc ndi muyeso wa kukula kwa injini) kupita m'mwamba, monga Husqvarna 272XP kapena Stihl MS 382, onse a 72cc. Makina oterewa amalemera makilogalamu opitirira 6 musanaikeko bar (chitsulo chachitali chimene tcheni chimazungulirapo), tcheni ndi mafuta. Inu mukudula mopingasa, zidutswa zazifupi, masiku ochepa pa chaka. Mukagula aakuluwo mulipira ndalama zambiri, muwotcha petulo wambiri, ndipo pakangotha ola limodzi mikono idzalema. Munthu wolema mikono ndiye amalekerera makina m'manja.

Kwa mitengo yanuyo, funani makina a pakati pa 40cc ndi 50cc okhala ndi bar ya mainchesi 16, omwe ndi masentimita 40. Zitsanzo zake ndi Stihl MS 250 ndi Husqvarna 445, onse a 45cc kapena kupitirirako pang'ono, ndipo kulemera kwawo sikufika makilogalamu 5. Aang'ono ngati Stihl MS 180, a 32cc, amachita bwino pa paini, nthambi ndi milimo, koma pa bulugamu wonenepa amapuma wefuwefu. Pali chifukwa china chimene sitikukulangizirani aang'onowa. Bembeke ndi boma la Dedza zili pamwamba, mamita opitirira 1,500 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kumeneko ndi wopepuka. Injini ya petulo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu yake pa mamita 300 aliwonse okwera. Ndiye kuti mphamvu yolembedwa pa bokosi, kwanuko muichotserepo pafupifupi 15 peresenti.

Bar yaitali imakopa maso m'sitolo, koma musatengeke. Ya mainchesi 16 imadula chipika cha masentimita 35 ulendo umodzi, ndipo mukadula mbali ino n'kuzungulira mbali inayo mumaliza chonenepa pafupifupi kawiri. Mukaika ya mainchesi 20 kapena 22 pa injini ya 45cc, tcheni chimayenda molemera, oilo safika bwino kunsonga, mano onola amachuluka, ndipo nsongayo imangokhalira kugunda dothi ndi zipika zina zimene simunazione.

Za kumene mungagule, ife timayang'ana zipangizo zosinthira tisanayang'ane dzina. Musanatulutse ndalama, muuzeni wogulitsayo akuikireni pa kauntala tcheni, bar, sprocket (kagudumu ka mano koyendetsa tcheni), sefa ya mpweya, pulagi ndi chingwe cholizira za makina omwewo. Akayamba zoti aitanitsa mwezi wamawa, pitani kwina, ngakhale zitatanthauza ulendo wa ku Lilongwe. Makina a ku China olembedwa 5200 kapena 5800 ndi otsika mtengo ndipo amadula ndithu. Chimene chimatha msanga ndi kabuleta, pampu ya oilo ndi cholizira, komabe zipangizo zake zimapezeka mosavuta. Amene tikukuchenjezani nawo kwambiri ndi achinyengo, opakidwa utoto n'kumatidwa dzina la Stihl kapena Husqvarna. Enieni amakhala ndi nambala yawoyawo pathupi pa injini, buku lake, ndi lisiti la chitsimikizo. Mtengo ukatsika modabwitsa, dziwani kuti dzinalo ndi lomata.

Ngati mukugula ogwiritsidwapo kale ntchito, anyamuleni pogwira chogwirira cha chingwe cholizira. Akamatsika pang'onopang'ono modukizadukiza, injini ikadali ndi mphamvu. Akangoti psululu mpaka pansi, yatha. Pemphani amasule chotulutsira utsi kuti muone pisitoni: mizere yokalika m'mbali mwake ndi umboni woti anayendetsedwa ndi oilo wochepa. Atsopano kapena akale, yesani buleki ya tcheni pomwepo. Makina akulira, kankhirani kutsogolo chotchinga chimene chili patsogolo pa dzanja lamanzere. Tcheni chiime nthawi yomweyo. Chikapanda kuima, asiyeni.

Za amagetsi tingodutsapo. A nthambo ndi otsika mtengo ndipo safuna kusakaniza mafuta, koma amangothandiza pabwalo pomwe pali soketi, magetsi a ESCOM akakhalapo. A batire ndi abwino pa nthambi ndi paini, makamaka kwa amene ali ndi sola yamphamvu, koma kugula batire lachiwiri kumawawa m'thumba.

Tsiku logula lomwelo mutengerenso tcheni chachiwiri, titupa tiwiri tobulungira ndi chotsogolera chake, katupa kafulati, oilo wa 2T (wosakaniza ndi petulo), oilo wa tcheni, chigubu choyenera petulo cha malita 5, ndi sirinji kapena kabotolo koyezera mamililita. Onjezani zovala: magalasi, zotseka m'makutu, magolovesi, nsapato zolimba za chitsulo kuphazi, chipewa cholimba, ndi buluku lotchinga miyendo lopangidwira ntchito imeneyi. Bulukuli m'kati mwake muli ulusi wautali umene umasololoka n'kukola sprocket, tcheni n'kuima. Ovolosi wamba sateteza chilichonse ku tcheni chothamanga mamita pafupifupi 20 pa sekondi. Phokoso nalo limapitirira madesibelo 100, ndipo makutu akagontha ndi phokoso sabwereranso.

Tcheni sichigulidwa pongonena kutalika kwa bar. Pali manambala atatu, ndipo kawirikawiri amadindidwa pa bar pafupi ndi pomangira. Yoyamba ndi kutalikirana kwa mfundo za tcheni, yolembedwa .325 kapena 3/8, ndipo iyenera kufanana ndi sprocket. Yachiwiri ndi kunenepa kwa timano tam'munsi timene timayenda m'ngalande ya bar: mamilimita 1.1, 1.3, 1.5 kapena 1.6. Yachitatu ndi chiwerengero cha timano timeneti. Lembani onse atatu papepala kapena muwajambule pafoni. Tcheni chopyapyala m'ngalande yaikulu chimagwedera n'kumadula mokhota, chonenepa sichilowa n'komwe. Sankhani cha mano a ngodya yobulungira, chotchedwa semi-chisel. Cha ngodya yakuthwa chimadula mofulumirirapo, koma chimabuntha chikangokumana ndi dothi, ndipo mitengo yathu chiswe chimaimata dothi m'makungwa. Musabwereke tcheni cha anzanu ocheka matabwa, chifukwa mano ake amanoledwa pa madigiri 10 kuti ang'ambe m'litali, pamene chodulira nkhuni chimafuna madigiri 30.

Pomanga bar ndi tcheni pa makina, kokerani chotchinga chija kumbuyo kuti buleki imasuke, apo ayi chivundikiro cha m'mbali chikuvutani kuchotsa ndi kubwezera. Masulani manati, lowetsani bar, ndipo valani magolovesi musanagwire tcheni. Chikoleni pa sprocket n'kuchiyala m'ngalande, kuthwa kwa mano a pamwamba pa bar kuloze kutsogolo, kunsonga. Ambiri amachiika chotembenuza, kenaka n'kumadabwa kuti makina atsopano akungofuka utsi pamtengo. Onetsetsani kuti kamsomali kokungira tcheni kalowa m'bowo lake pa bar. Bwezerani chivundikiro, manati mumange ndi zala zokha. Tsono nyamulani nsonga ya bar ndi dzanja limodzi, linalo lizimanga screw yokungira mpaka tcheni chikhudze kumunsi kwa bar osalendewera. Chikokeni ndi dzanja: chiyende osakakamira. Mukadali chinyamulire nsongayo, mangitsani manati ndi sipanala. Tcheni chatsopano chimatamuka, choncho zimitsani makina mukadula zidutswa zochepa zoyamba n'kuchikunganso. Mukaweruka chimasuleni pang'ono, chifukwa chikamazizira chimafupika n'kumakoka shafti ya injini.

Pa mafuta m'pamene makina ambiri amafera. Injini iyi ilibe mosungira oilo ngati galimoto; oilo wake amayendera limodzi ndi petulo. Stihl ndi Husqvarna amafuna muyeso wa 50:1, kutanthauza mamililita 20 a oilo wa 2T pa lita imodzi ya petulo, kapena mamililita 100 pa malita 5. Ambiri a ku China amalembedwa 25:1, omwe ndi mamililita 40 pa lita, ena 40:1, omwe ndi mamililita 25. Tsatirani buku la makina anu, ndipo yezani, osangothira ndi maso. Gulani 2T wa injini zozizira ndi mpweya, makamaka wolembedwa JASO FD. Oilo wa galimoto, wa njinga zamoto za kabaza, kapena wa injini za maboti a kunyanja sayenera. Thirani oilo m'chigubu poyamba, onjezani petulo pang'ono, khutchumulani, kenaka dzazani n'kukhutchumulanso. Musasakanizire m'thanki ya makina.

Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo akakhalitsa amaumitsa timapaipi ndi timphira ta m'kabuleta. Nyengo ya nkhungu ya ku Dedza imawonjezera vutoli. Sakanizani wokwana ntchito ya masabata ochepa, asapitirire masiku 30, chigubu chikhale chotseka bwino pamthunzi. Wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu mupeweni, chifukwa simudziwa zimene zathiridwamo.

Thanki yachiwiri ndi ya oilo wa tcheni, ndipo muziidzaza nthawi iliyonse mukuthira petulo, popeza ziwirizi zimatha pafupifupi limodzi. Oilo wakuda wotsanulidwa m'galimoto ndi waulere, n'chifukwa chake mumamuona kwa ocheka ambiri, koma ali ndi tizitsulo timene timadya pampu ndi bar, ndipo amakuwazani pakhungu ndi m'mphuno tsiku lonse. Weniweni wa tcheni akasowa, oilo watsopano wa SAE 30 angakupulumutseni. Kuti muone ngati oilo akutuluka, lozetsani nsonga pa chitsa choyera, osachikhudza, n'kupereka moto kwa masekondi angapo. Pachitsapo paoneke mzere wa oilo. Pakapanda kuoneka, masulani bar, tokosani ngalande ndi kabowo ka oilo.

Poliza, chokani mamita osachepera 3 kuchokera pomwe mwathirira mafuta. Ikani makina pansi poyera, mangani buleki, phazi lamanja liponde m'chogwirira cham'mbuyo, dzanja lamanzere ligwire cham'tsogolo. Tsekani choke (chochepetsa mpweya wolowa m'kabuleta), kanikizani kampira kopopera petulo maulendo 6 ngati kalipo, ndipo kokani chingwe mpaka injini itsokomole kamodzi. Ikangotsokomola tsegulani choke n'kukokanso. Ikalira, gwirani chokanikizira moto kamodzi n'kusiya kuti itsike, chifukwa kuisiya ikuthamanga buleki ili chimangire kumawotcha kilatchi. Mukapitiriza kukoka choke ili yotseka, injini imamwa petulo wambiri n'kukaniratu. Zikatero zimitsani switchi, chotsani pulagi, ipukuteni, kokani chingwe kangapo kuti m'kati muume, bwezerani pulagi, yatsani switchi, n'kuliza choke ili yotsegula. Mpata wa pulagi ndi mamilimita 0.5. Zoliza makina ali m'malere, dzanja limodzi likuwaponya pansi linalo likukoka, zisiyeni, ngakhale mumaziona kwa akatswiri. Pa mathanki atatu oyamba musamawathamangitse mpaka pamapeto asali pamtengo.

Tsopano kabuleta, yomwe kwa inu a kumtunda ndi nkhani yaikulu. Makina amachoka ku fakitale atatcheredwa mpweya wa kumunsi. Akafika ku Bembeke mpweya umachepa koma petulo amalowa yemweyo, ndiye amafuka utsi wambiri, amalemera popereka moto, ndipo pulagi imada ndi mwaye. Pambali pa makina pali ma screw atatu. H imalamulira petulo makina akamathamanga, L pamene akulira pang'ono ndi pamene mukuyamba kupereka moto, ndipo yachitatu, yolembedwa T pa Husqvarna kapena LA pa Stihl, imakweza kapena kutsitsa kulira kwa injini mukasiya chokanikizira. Makina ena aang'ono ali ndi yachitatuyi yokha. Musanagwire iliyonse, dikirani mathanki atatu oyamba aja athe, kenaka tsukani sefa ya mpweya, chifukwa sefa yotsekeka imaonetsa zizindikiro zomwezi, ndipo injini iyambe yatentha kwa mphindi zingapo.

Kumanga H kumachepetsa petulo, kumasula kumawonjezera. Mangani pang'onopang'ono, osapitirira 1/8 ya mzungulo umodzi nthawi imodzi, kenaka mvetserani. Makina otcheredwa bwino, mukapereka moto wonse asali pamtengo, amalira mobwatabwata pang'ono, ndipo kubwatako kumatha tcheni chikangoluma mtengo. Akamalira mosalala, mokwera kwambiri, mwamanga mopyola, bwezerani msanga. Petulo wochepa ndiye oilo wochepanso, ndipo pisitoni imatha kupsa tsiku lomwelo. Ma screw ambiri ali ndi tizipewa tapulasitiki toletsa kupyola malire, musatithyole. Pulagi ikuuzani zoona mukadula kwa kanthawi: yofiirira ndi yabwino, yakuda ndi petulo wochuluka, yotuwa mbuu ndi petulo wochepa. Yachitatu ija itchereni kuti injini isazime koma tcheni chisayende mukasiya chokanikizira. Ngati khutu lanu silinazolowere, ulendo woyamba apatseni amakaniko odziwa injini za 2T, inu muli pomwepo kumvetsera.

Chenjezo limene ambiri salidziwa ndi ili. Makina otcheredwa ku Bembeke akatsikira ku Golomoti kapena ku Mtakataka, atsika pafupifupi mamita 1,000. Kumeneko mpweya ndi wochuluka, ndiye muyeso umene unali wabwino kumtunda umasanduka wa petulo wochepa, kwinaku kukutentha. Mlamu wanu wa kuchigwa akabwereka, bwezerani H pomwe inali pochoka ku sitolo.

Tcheni chakuthwa chimalowa chokha mumtengo n'kumataya tizipalipali tooneka. Mukaona utuchi wosalala ngati ufa, kapena mukuchita kukanikiza, imani munole. Kukula kwa katupa kumatsata tcheni: mamilimita 4.0 pa 3/8 chaching'ono cha makina ngati MS 180, mamilimita 4.8 pa .325, ndi 5.2 kapena 5.5 pa 3/8 chachikulu. Panani bar kuti isagwedere, ikani chizindikiro pa dzino loyamba, ndipo nolani kuchokera m'kati kupita kunja, pokankha pokha, maulendo awiri kapena atatu pa dzino lililonse. Malizani mano a mbali imodzi, tembenuzani makina, chitaninso chimodzimodzi. Mano a mbali imodzi akafupika kuposa enawo, makina amadula mokhota. Kutsogolo kwa dzino lililonse kuli kachitsulo kobulungira kamene kamaletsa dzino kuluma mopyola. Kayenera kutsika mamilimita 0.65 kuchokera pamwamba pa dzino, ndipo mukanola katatu kapena kanayi kayezeni n'kukapala ndi katupa kafulati. Anthu ena amakapala kwambiri kuti makina aziluma zedi, koma mapeto ake amanjenjemera ndi kudumpha. Bar muziitembenuza, pamwamba pakhale pansi, nthawi iliyonse mwaichotsa.

Kudumpha kumeneku ndiye ngozi yaikulu ya chainsaw. Mbali ya pamwamba ya nsonga ya bar ikagunda chinthu, makina amabwerera cha kumaso mwadzidzidzi, mofulumira kuposa mmene dzanja lingawabwezere. Musadule ndi nsonga, musadule pamwamba pa mapewa, chala chachikulu cha dzanja lamanzere chizungulire chogwirira, ndipo imani chakumanzere pang'ono kuti mutu usakhale mumzere wa bar. Ngakhale amanzere agwire chogwirira cham'mbuyo ndi dzanja lamanja. Musagwire ntchitoyi nokhanokha, koma ana ndi agalu atalikire.

Khomani chokhazikapo zipika cha mitengo yopingasa, kuti muzidulira m'mwamba osati padothi. Chipika cholemera chimene chagona pansi chiduleni magawo atatu mwa anayi m'malo onse, chigubuduzeni, n'kumalizitsa. Chikatsamira mbali zonse ziwiri pakati pali m'malere, yambani pamwamba gawo limodzi mwa atatu, malizani kuchokera pansi. Mukangotsika kuchokera pamwamba, chipikacho chipana bar. Chikalendewera mbali imodzi, yambani pansi, malizani pamwamba. Bar ikapanidwa zimitsani injini n'kukhomera kamtengo kosongoka m'chodulacho, osalimbana nayo. Mitengo ya m'malire ndi ya pafupi ndi nyumba iyang'aneni kaye, nthawi zambiri imabisa misomali ndi waya. Yezani malo anu osonkhapo moto, muchotsepo masentimita 5 mpaka 8, ndipo dulani kandodo ka muyeso umenewo kuti zidutswa zifanane.

Kugwetsa mtengo ndi luso lina, lofunika kuphunzira pamaso pa wodziwa. Wopendekera ku nyumba, ku msewu kapena ku nthambo zamagetsi, itanani amene amaidziwa ntchitoyo. Anthu ena onse akhale kutali koposa kutalika kwa mitengo iwiri. Bulugamu mumudule m'munsi, chitsa chitsale masentimita 10 mpaka 15 chopendekeka kuti madzi asaimepo, ndipo chidzaphukanso. Paini akadulidwa saphukira, ameneyo ndi wodzalanso.

Bulugamu dulani ndi kuwaza akadali wamuwisi. Akauma amalimba, amabunthitsa tcheni msanga, ndipo nkhwangwa imangodumpha. Mtengo wauwisi pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, pamene nkhuni zootha zimafunika chinyezi chosapitirira 20 peresenti. Zodula mu Epulo kapena Meyi sizikhala zitauma pofika Juni: zimalira thovu pamoto, zimafuka, ndipo zimamata phula lakuda m'chumuni limene tsiku lina limayaka. Dulani mu Ogasiti ndi Seputembala, ziume ndi dzuwa la Okutobala, ndipo mvula isanayambe zisanjeni pa milimo kuti zisakhudze dothi, pamwamba mufolere koma m'mbali mudutse mphepo. Paini amauma msanga ndi kuyaka msanga, ndi wabwino kukolezera. Bulugamu ndiye wosunga moto usiku. Chumuni muzichisesa chaka chilichonse chisanu chisanayambe.

Mitengo yodzala nokha pamalo panu ndi yanu, koma chainsaw ikamveka, anthu amabwera ndi maganyu a mitengo ina. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2020, limateteza nkhalango za boma monga Chongoni, Phiri la Dedza, ndi Dzonzi ndi Mvai ku Ntcheu, ndipo wopezeka akudula popanda chilolezo amatha kulandidwa ndi makina omwe. Musanadule mitengo yachilengedwe ngati msuku, muwanga kapena mlombwa, kapena musananyamule nkhuni pagalimoto kupita nazo kwina, kafunseni ku ofesi ya zankhalango paboma, ndiponso adziwitseni amfumu.

Ntchito ya chaka ikatha, tsanulani petulo yense, lizani makina osapereka moto mpaka azime okha kuti kabuleta iume. Chotsani bar ndi tcheni, zitsukeni utomoni wa paini ndi palafini, zipakeni oilo. Sesani utuchi pa zipsepse za injini ndi pansi pa chivundikiro, ndipo asungeni pouma, pokhoma. Mukamadzawatulutsa Ogasiti winayo, kolani ndi kawaya kasefa kamene kali kunsonga kwa kapaipi m'thanki ya petulo, muikepo katsopano.